Dzira Likayandama

Magetsi anazima Lachiwiri, lero ndi Lachinayi.
Firiji yayamba kukhetsa misozi pansi pa chitseko,
m'kati muli milamba isanu ndi makumba khumi
amene Vinjeru anabwera nawo pa njinga
kuchokera ku damu la ku Lusangazi.
Nsomba sizidikira a magetsi.

Ndanola mpeni pa simenti ya pakhonde.
Mlamba ndi woterera ngati wangongole,
ndaupaka phulusa kuti ugwirike.
Makumba ndawapala, ndawang'amba cha kumsana,
ndawatsegula ngati buku la nyimbo.
Ndulu ndachotsa mpweya uli m'khosi,
poti kamodzi kokha kakaphulika
nsomba yonse imasanduka mankhwala a malungo.

Madzi m'beseni, mchere wamibulu.
Ine sindiyeza ndi kapu, ndimaponyamo dzira.
Lamira. Ndathira wina, ndavundula ndi dzanja
mpaka kachilonda ka pachala kayankhula.
Dzira ladzuka pang'onopang'ono,
latulutsa kadazi pamwamba pa madzi
ngati a Mkandawire, eni nyumba,
akamasuzumira pa mpanda tsiku la lendi.
Basi. Lowani nonse.
Mukhale mmenemo nthawi yoti munthu
apite wapansi ku Zigwagwa, atsutse mtengo wa tomato,
abwereko.

Dzuwa la ku Mzuzu salidalira.
Limalonjeza m'mawa, masana lathawa.
Nkhungu yatsika kale ku Kaning'ina,
mawawa ayamba kunong'ona pa malata.
Ndazitsukuluza, ndazikoleka pansi pa denga,
ndakhala pambali ndi kanthambi ka bulugamu
kukana ntchentche imodziimodzi
mpaka khungu layamba kumata chala.

Mgolo wanga ndi wakale, wadzimbiri, wobooka kunsi.
Utuchi wa paini wa ku Chikangawa
anyamata amagulitsa motchipa, koma toto,
utomoni wake umawawitsa nsomba.
Ine ndi nthambi za mango ndi zitsononkho.
Lawi likadzuka ndimaliwaza madzi:
khala pansi iwe, pano sitikuwotcha, tikuwamba.
Pamwamba saka yonyowa.
Utsi ukhale m'kati, uganize.

Koma utsi sumva za malire a puloti.
Wadutsa mpanda, wapeza yunifolomu ya Umanyano
ili mbee pa chingwe cha NyaChirwa.
"Mwe, josi!" wakuwa, mbale zikugwa m'khitchini.
"Loweruka ndikapemphere ndikununkha mlamba?"
Ndapepesa ndi pakamwa pokha,
manja akutembenuza nsomba.

Usiku Chibavi yense ali mu mdima,
kuwala ndi kwa makala anga okha.
Mafuta akudontha, tho,
kenaka chete,
tho.
Agalu atatu akhala patali ngati anamfedwa.
Ndikuwodzera, ndikudzidzimuka, ndikutembenuzanso.
Cha m'ma leveni, kugogoda pa geti:
NyaChirwa, atafunda bulangeti mpaka m'makutu,
beseni la zitsononkho pamutu.
"Zanuzo zikutha," akutero, osandiyang'ana.
Wakhala pa njerwa. Sitinakambe za yunifolomu.

M'mawa nsomba zafiira ngati chitseko cha mlombwa,
ukagogoda ndi chikhadabo zikuyankha.
Iwiri ya NyaChirwa. Umodzi wa Vinjeru.
Zotsalazo ndakulunga m'nyuzipepala, ndaika m'katoni,
ndalemba ndi khala: Tafika, Kawale.
Ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri,
pa foni anati, "Amama, za kuno n'zouma bwino,
koma sizinunkha kwathu."

Kondakitala wanunkhiza katoni, wakweza mtengo.
Ndalipira.

Pobwerera, m'minibasi, mtsikana wovala bwino
wasendera ku windo, kanyansi pamphuno.
Ndadzinunkhiza chitenje: mango, mchere, usiku wonse.
Ndafika kunyumba, magetsi ayaka,
firiji ikung'ung'udza yopanda kanthu.

Dzira lija ndaliphika.
Ndiwo zanga za lero ndi zomwezo.